Khomo Lojambula ndi Choko

Ana anga a ku koleji amanditchula Mayi Nsapato, ndipo amaganiza kuti sindidziwa. Dzinalo linabwera chifukwa chaka chilichonse, ndisanawatumize kukaphunzira ntchito ku makampani, komwe iwo amati ku atachimenti, ndimawaimika pamzere m'khonde la ofesi yanga n'kuyang'ana kumapazi. Munthu akhoza kuloweza buku lonse la zamalonda, koma akalowa mu ofesi ya eni ndi nsapato yoyasama kukamwa, palibe amamvetsera zimene akunena. Ndikatha nsapato ndimawapatsa malamulo anga awiri. Loyamba, muzifunsa, pakuti safunsa anadya phula. Lachiwiri, zimene mwamva m'chipinda cha misonkhano zizitsala momwemo.

Panali mtsikana mmodzi amene lamulo loyambalo sanafunike kuuzidwa. Anzake anamupatsa dzina loti Mafunso. M'kalasi dzanja lake silinkatsika, ndipo ukamuyankha funso limodzi, yankholo linkabala ena awiri. Ankanditopetsa, sindibisa, koma ndinkamukonda kwambiri. Ndinamutumiza ku kampani yopanga penti, ku gawo la zamalonda, chifukwa bwana wa kumeneko anadutsa m'manja mwanga momwemu. Lero amavala tayi n'kumazungulira pampando wamatayala, koma ine ndimamukumbukira ali pamzere m'khonde langa, atapaka inki pa nsapato kubisa pong'ambika.

Poyamba zinthu zinkayenda bwino. Bwanayo anandiimbira foni akuseka, akuti mwana wanu watimaliza ndi mafunso, ngakhale oyendetsa malole akumuthawa. Anandinong'onezanso kuti pali malo a ntchito amene atseguke posachedwa, ndipo akufuna kumusunga akamaliza sukulu. Tsiku limenelo ndinayenda m'khonde ngati ndine ndalembedwa ntchitoyo.

Kenako foni inaliranso, koma mawu ake anali ena.

"Madamu, mwana wanu uja mwamutani?"

"Ndamutani ine? Si ali m'manja mwanu?"

"Wangoti zii. Pamsonkhano amakhala kumbuyo, maso pansi. Ndikamutuma kukaona masitolo amene amatigulitsira penti, amati mutu. Dzulo ndinamufunsa maganizo ake, anangoti zili bwino bwana. Mafunso kunena kuti zili bwino! Zikapitirira chonchi, za malo aja tiiwale. Akuluakulu sangalembe munthu wooneka ngati watopa ntchito asanaiyambe."

Ndinapsa mtima, chifukwa ndinaganiza kuti ndi za mnyamata. Ana anga ambiri amene amazima mwadzidzidzi chonchi, ukafufuza umapeza pali mnyamata wa m'maakaunti. M'mawa mwake ndinakwera basi ndili ndi ulaliki wonse m'kamwa.

Ndinamupeza nthawi ya nkhomaliro m'kachipinda ka zitsanzo, akusanja timakadi ta mitundu ya penti. Buluu yekha analipo wa mitundumitundu, wina dzina lake ngati la mafuta onunkhira. Nsapato zake zinali zopukuta bwinobwino, koma nkhope inali itagwa, ndipo siketi anaimanga ndi pini m'chiuno. Mwanayo anali ataonda. Ulaliki wanga unabwerera kukhosi.

Ndinamutengera kuseri, kumene amapakira katundu. Tinakhala pa benchi pafupi ndi migolo yopanda kanthu, fungo la penti likulowa mpaka m'mano.

"Yankhula, mwanawe," ndinatero.

Iye anati, "Madamu, lamulo lanu lachiwiri lija, kodi ngakhale inu simuyenera kuuzidwa?"

Mtima wanga unakhala pansi pang'ono, poti funso linali litatuluka. Ndinamuuza kuti pangano losunga chinsinsi limene anachita ndi kampaniyo linandimanganso ine monga mlangizi wake, ndiye zimene andiuze zikhala m'khola lomwelo.

Nkhani yake inali iyi. Pamsonkhano wina anamva kuti kampaniyo ikutsegula sitolo yakeyake yaikulu mumsewu wa ogulitsa zomangira nyumba, ndipo ikatsegula idzasiya kupereka penti ku timasitolo ting'onoting'ono ta mumsewumo. Eni timasitoloto sayenera kudziwa mpaka sitolo yatsopanoyo itatsala pang'ono kutsegulidwa, kuopa kuti angathawire ku kampani ina nthawi isanakwane. Imodzi mwa timasitolo timeneto inali ya achimwene ake.

"Achimwene ako enieni?"

"Bere limodzi, Madamu. Ndi amene andilera chimwalirireni bambo. Ndimagona m'nyumba mwawo."

"Nanga bwana wako akudziwa?"

Anapukusa mutu. "Achimwene anandiletsa. Anati usakanditchule kumeneko, anthu anganene kuti walowera pawindo. Ukaime ndi miyendo yako."

Si zokhazo. Achimwene akewo, poona kuti penti akuyenda malonda, anali atapempha mwini nyumba kuti atengenso chipinda choyandikana ndi sitolo yawo. Anali atajambula kale ndi choko pakhoma pamene padzakhale khomo lolumikiza zipinda ziwirizo. Mmisiri anali kubwera Loweruka kudzaboola. Khoma likangobooledwa, chipindacho ndi chawo, afune asafune, ndipo chidzakhala chipinda chachikulu cha mashelefu opanda kanthu.

"Madzulo aliwonse patebulo amandifunsa kuti kampani yathu ikuyenda bwanji," anatero. "Amati kampani yathu, Madamu. Alamu amandiikira chakudya, ine pakhosi sipadutsa kanthu. Ndikawauza, ndaba chinsinsi cha eni. Ndikapanda kuwauza, ndawasiya agwere m'dzenje ndikuona. Ndichite chiyani?"

Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo maganizo anga oyamba sanali a mphunzitsi ayi. Ndinafuna kungokwera basi, kukagula kachitini ka penti ku sitoloko, n'kunong'oneza mwamunayo kuti bambo, khoma lanulo liyambe laima. Koma ndimaidziwa misewu ya malonda. Ukanong'oneza mmodzi m'mawa, pofika masana ngakhale wosoka nsapato pakona akukufotokozera iwe nkhani yomweyo. Kampani ikanafufuza, ikanapeza mlongo wa mwini sitolo ali m'chipinda chawo cha misonkhano. Mwanayo akanapirikitsidwa ndi mbiri yoti alibe chifuwa, ndipo mbiri yotere imafika pa kampani ina iwe usanafike.

"Ukuona njira ziwiri," ndinamuuza, "kuuza achimwene ako kapena kukhala chete. Pali yachitatu. Kauze bwana wako kuti mwini sitolo ija ndi mbale wako."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Andichotsa, Madamu. Anena kuti ndinabisa dala."

"Mwina akuchotsadi. Sindikunamiza. Malo aja mwina uwataya. Koma ukawataya lero, uwataya uli munthu amene ananena yekha, osati amene anagwidwa."

"Ndiye mukandinenere ndinu. Inu amakuopani."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikuperekeza, ndikhala pambali pako, koma pakamwa panga ndimanga."

Anaseka pang'ono misozi ili m'maso, chifukwa ankandidziwa. Ine kumanga pakamwa ndi ntchito yoposa kunyamula mgolo wodzaza.

Ofesi ya bwanayo inali ndi windo loyang'ana pabwalo la malole, ndipo khoma lililonse linali ndi mtundu wakewake, kuonetsa alendo zimene kampani imatha. Atationa anaimirira, ndipo ndinaona akubisa phazi limodzi kuseri kwa desiki. Chizolowezi sichitha.

Mafunso anayamba nkhani yake, ndipo anafika nayo kumapeto. Ananena za achimwene ake, za chifukwa chimene sanawatchulire, ndi kuti kunyumba sanatulutse liwu ngakhale limodzi la zimene anamva. Bwanayo anavula magalasi n'kuwaika pa desiki. Nkhope yake inauma.

"Ukudziwa kuti wandiika pamoto?" anatero. "Ndine ndinakulowetsa mumsonkhano umene uja. Ophunzira ntchito salowamo. Ndinakuikira kumbuyo kwa akuluakulu, ndipo lero ndikawauze kuti ndinalowetsa mlongo wa mwini sitolo?"

Anatembenukira kwa ine. "Madamu, inu mumadziwa zimenezi?"

Ndinali ndi mawu okwana dengu, koma ndinangoti, "Ndamva lero, ngati inu." Ndinaluma mlomo mpaka kumva kuwawa.

"Kuyambira mawa uzikagwira kosungira katundu," anauza mtsikanayo. "Za masitolo usazikhudzenso. Za malo aja, sindikudziwa. Pita."

Mafunso anaimirira, anafika pachitseko, n'kuima. Ndinaona dzanja lake lamanja likukwera lokha, monga linkachitira m'kalasi.

"Bwana, ndingafunse?"

Bwanayo anapumira m'mwamba. "Funsa."

"Mukuopa kuti eni masitolo akamva msanga athawira ku kampani ina. Nanga akadzamva mochedwa, ataboola makoma ndi kudzaza mashelefu, adzapita kuti? Ndipo amisiri amene amagula kwa iwo, adzawauza zotani za penti wathu?"

"Zimenezo si zako."

"Ndamva, bwana. Koma kodi pali amene anafunsapo?"

Bwanayo anavalanso magalasi n'kuyang'ana pawindo. Ife tinatuluka. Panja mtsikanayo anandigwira mkono n'kundifunsa ngati walakwitsa. Ndinamuuza kuti sanalakwitse, koma kunena zoona nanenso mtima unali m'mwamba. Ndinali nditamutsogolera mwana wa eni kukataya malo a ntchito, ndipo khoma lija linali likudikirabe hamala.

Masiku otsatirawo kunalibe uthenga. Ndinaimbira bwanayo, foni inangolira. Mafunso ananditumizira mawu ochepa, akuti ali kosungira katundu, akuphunzira kusanja migolo, ndipo kunyumba sananenebe kanthu. Ndinaphunzitsa makalasi anga ngati munthu wobwereka mutu, moti mnyamata wina analowa ndi masilipasi ine osaona.

Loweruka m'mawa ndinalephera kupirira. Ndinauza bambo a kunyumba kuti ndikukagula penti wa kubafa. Anandiyang'ana n'kunena kuti bafa tinapaka chaka chathachi, ine ndinati ndiye latuwa msanga.

Msewu wa zomangira nyumba unali wodzaza ngati masiku onse, malata akulira, mawilibala akudutsana, fumbi la simenti lili paliponse. Ndikufunafuna sitolo ya achimwene a Mafunso, ndinangoona munthu akutuluka m'kasitolo kena, tayi atamasula, thukuta lili kamukamu. Anali bwana uja. Nsapato zake zinali zoyera ndi fumbi mpaka m'zingwe.

"Madamu, musayang'ane kumapazi," anatero.

"Ndayang'ana kale. Ukutani kuno?" Ulemu wa mu ofesi ndinali nditausiya m'basi.

Anandiuza kuti funso la mwana uja linamusowetsa mtendere. Analitengera kwa akuluakulu, anakangana nawo mpaka dzulo madzulo, ndipo pomaliza anamuuza kuti ngati akufuna kuuza eni masitolo msanga, apite yekha akatukwanidwe yekha. Ndiye anali kuyenda sitolo ndi sitolo, wapansi, kuwauza maso ndi maso. Penti apitiriza kulandira mpaka sitolo yaikulu itatsegulidwa, ndipo amene atsale ndi katundu, kampani idzamubweza. Ena anamutukwanadi. Mayi wina anamuthamangitsa ndi tsache.

"Kwa achimwene a mwana uja ndi kumene ndinayambira, kusanatenthe," anatero. "Ndinapeza mmisiri akuvula malaya."

"Nanga mwana wanga?"

"Akuluakulu akadali okwiya kuti anabisa za mbale wake. Koma ndawauza kuti munthu amene wasunga khala lamoto m'thumba osatentha nyumba yathu si wotaya. Lolemba abwerere pa desiki yake. Za malo aja ndimenya nkhondo, Madamu, ndipo ndikuona ngati ndipambana."

Ndinafuna kumukumbatira, koma ndinangomuuza kuti akapukute nsapato asanalowe kwa anthu ena.

Sitolo ya achimwene a Mafunso inali yaing'ono, zitini zitasanjidwa mpaka kudenga, mabulashi atapachikidwa pa chingwe. Pakhoma lakumanzere mashelefu anali atachotsedwa, ndipo panali khomo lojambula ndi choko, lokhala ndi chogwirira chomwe, poti wojambulayo anajambula ndi chimwemwe. Khomalo linali lathunthu. Hamala yaikulu inali itatsamira pamenepo, mmisiri atakhala panja akusuta.

Mwini sitolo anali atakhala pa chitini chachikulu, bambo wamtali wa manja othimbirira ndi penti. Mafunso anali ataima kuseri kwa kauntala, chifukwa Loweruka ankathandiza kugulitsa. Atandiona anati, "Achimwene, awa ndi Madamu aja." Bamboyo anandipatsa moni waulemu, n'kundikokera mpando, koma maso ake anabwerera kwa mlongo wake. Ndinazindikira kuti ndafika nkhani ili pakati.

"Ndakufunsa," anatero. "Unkadziwa?"

"Inde, achimwene."

"Pamene ndinkajambula apa, iwe utandigwirira choko, unkadziwa?"

"Ndinali nditamva kumene."

Bamboyo anaweramitsa mutu. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. "Mwana amene ndinkamunyamula pakhosi kupita naye ku sukulu. Ukanangonditsina patebulo, kungonditsina basi. Bwana wakoyo akanachedwa pang'ono, bwenzi pano pali chibowo."

Misozi ya Mafunso inkangotsika, ikugwera pa kauntala. Pamenepo chingwe chimene ndinamanga pakamwa panga chinaduka.

"Bambo, pepani, ndilowerere. Mukuganiza kuti bwana uja wabwera yekha lero? Anayenera kubwera miyezi ikubwerayi, inu mutaboola kale. Mlongo wanuyu anakagogoda pa ofesi yake, n'kunena kuti ndinu mbale wake, akudziwa kuti akhoza kuchotsedwa. Anamuchotsadi pa desiki n'kumuponya kosungira migolo. Ali pachitseko anafunsa funso limene lamuyendetsa bwanayo wapansi mumsewu wonse uno. Akanakutsinani, mukanapulumuka nokha. Tsopano wamva aliyense."

Bamboyo anandiyang'ana, kenako anayang'ana mlongo wake nthawi yaitali.

"Unawauza kuti ndine mchimwene wako? Si ndinakuletsa?"

"Munandiletsa, achimwene."

"Ndiye lamulo la kampani unasunga, koma langa unaswa."

"Lanu ndi limene ndikanatha kuswa popanda kuba kanthu ka munthu."

Anapukusa mutu, ndipo kuseka kunamutuluka m'mphuno asakufuna. "Ukanandiuza, ine ndikanauza wa malata apayu, poti ndi mnzanga. Wa malata akanauza mkazi wake. Ee, pofika nkhomaliro bwenzi uli pamsewu." Anapukuta kumaso ndi chikhato. "Koma zandiwawa, mchemwali. Usaganize kuti sizinandiwawe."

"Nanenso zimandiwawa, achimwene."

Mtsikanayo anatenga kansalu konyowa n'kupita kukhoma kuti afufute choko chija. Bamboyo anamugwira dzanja.

"Siya. Khomo limenelo silinalakwe. Lidikire kaye tione choikamo."

Anatuluka kukauza mmisiri kuti lero kulibe ntchito, n'kumuthandiza kukweza hamala pa njinga. Pobwera anali ndi buledi m'manja ndi fulasiki ya tiyi imene akazi ake anamukonzera. Anaika zonse pa kauntala patsogolo pa mlongo wake, n'kukhala chiimire.

"Masabata onsewa alamu ako akudandaula kuti mbale yako ikubwerera yodzaza," anatero, mawu atatsika. "Ine ndinkati mwina poti ukudya ndi mabwana, chakudya cha kwathu chayamba kukuchepera. Ndinkagona nazo zimenezo, osakufunsa."

"Achimwene!"

"Idya, ndikuone."

Mafunso ananyema buledi, n'kudya. Anadya ngati munthu wochokera kumunda, achimwene ake akumuthirira tiyi, ine ndikuyang'ana zitini za kudenga kuti asaone maso anga. Atafika pakati, buledi ali m'kamwa, anatembenukira khomo la choko lija, ndipo dzanja lake linayamba kukwera.

"Achimwene, kodi amisiri akabwera kudzagula penti, amafunsanso chiyani chimene inu mulibe?"

Bamboyo anandiyang'ana. "Madamu, kodi kusukulu kwanu kulibe mankhwala a zimenezi?"

Ndinamuuza kuti kulibe, ndipo akanakhalapo sindikanamupatsa. Iye anakoka chitini chija, anakhala pafupi ndi mlongo wake, n'kuyamba kumuyankha.